Nthano zodumpha nthawi: zimakoka ndi chiyani, nanga ya ku Kasungu tingailembe bwanji?

Nabanda, Chulu

Moni nonse. Ndili ndi mafunso awiri. Mabuku a anthu odumpha nthawi, ena kubwerera kale ena kupita kutsogolo, amapezeka ku nthano za sayansi komanso ku zachikondi, ndipo amene wawayamba safuna kuwasiya. N'chiyani kwenikweni chimawagwira mtima owerenga? Chachiwiri, kagulu kathu ka olemba kakufuna kuyesa nthano yaitali yotere m'Chichewa: mtsikana wa lero wa pa Kasungu boma adzidzimuke ali kumudzi kwa agogo ake, agogowo akadali achitsikana. Tiyambire pati, ndipo chimapha nthano zoterezi n'chiyani?

Aphunzitsi Mwale, Mtunthama

Zikomo a Nabanda. Tonse tinakula tikumva kuti madzi akatayika saoleka. Nthano zimenezi zimampatsa munthu mpata woyesa kuwaola, ndipo wowerenga amatsegula tsamba lotsatira kuti aone ngati zitheke, komanso kuti munthuyo alipira chiyani. Chokoka chili pa malipirowo. Makina ndi nkhani yaing'ono. H.G. Wells m'buku lake la 1895, The Time Machine, makinawo anangowafotokoza pang'ono: pokhalira, ndi zogwirira ziwiri, china chopitira kutsogolo china chobwerera. Mphamvu zake anaziika pa zimene munthuyo anakapeza m'chaka cha 802,701, anthu atagawanika pawiri, ofooka odya zipatso pamtunda, ndi ena okhala kunsi kwa nthaka amene amatuluka usiku kudzadya ofookawo. Wells ankanena za mabwana ndi antchito a ku England ya masiku ake.

Musanalembe mutu woyamba, gwirizanani lamulo limodzi la nthawi, mulilembe papepala, musadzalisinthenso. Odziwika alipo atatu. Lina limati zakale sizisintha: chilichonse mtsikanayo angachite kumeneko chinachitika kale, ndipo nthawi zambiri kuyesa kwake kuletsa tsoka ndiko kumalibweretsa. Lina limati zakale zimasintha, pobwerera apeza lero lachilendo. Ray Bradbury mu 1952 analemba za mlenje amene anapita ku nthawi ya zinyama zikuluzikulu zamakedzana n'kuponda gulugufe mmodzi. Pobwerera anapeza kalembedwe ka mawu kasintha ndipo chisankho wapambana ndi munthu wina. Lachitatu limati kusintha kulikonse kumayambitsa mbiri ina pambali, ya kwawo n'kutsala momwe inalili. Limeneli sindililangiza kwa ongoyamba kumene, chifukwa limachotsa mantha. Ngati kuli dziko lina kumene agogo anapulumuka ndi lina kumene anamwalira, wowerenga alirirenji?

Mukatero yankhani izi: chimamutenga n'chiyani, chimamubweza n'chiyani, anganyamule chiyani, ndipo kwawo nthawi ikuyenda bwanji iye ali uko. Onani mmene Octavia Butler anamangira Kindred mu 1979. Dana, mayi wachikuda wa mu 1976, amakokedwa kupita ku munda wa akapolo ku Maryland nthawi iliyonse imene moyo wa Rufus, mwana wa mwini akapolo, uli pangozi, ndipo amabwerera pokhapokha iye mwini akaona kuti akufa. Miyezi uko imangokhala maola kwawo. Rufusyo ndi kholo lake, choncho ayenera kupulumutsa munthu wankhanza kuti iye adzabadwe. Pa ulendo womaliza Dana anataya mkono. Palibe tsamba limene lamuloli linathyoledwa.

Nthano zambiri zimafera pakati. Wolemba akapanikizika amalola mpangankhani kuchita chimene anatiuza poyamba kuti n'chosatheka, wowerenga n'kusiya kuopa. Mankhwala ake ndi pepala lalikulu lokhala ndi mizere iwiri: wina wa zaka za pakalendala, wina wa masiku a mtsikanayo monga mmene iye akuwakhalira. Chochitika chilichonse chikhale ndi malo pa mizere yonse iwiri, ndipo pambali pake mulembe kuti pa nthawiyo ndani akudziwa chiyani.

Mayi Nankhoma, Kamwendo, Mchinji

Aphunzitsi, za malamulo ndavomera, koma okonda nthano zachikondi sagulira buku mizere iwiriyo ayi. Nthano yachikondi imafuna chopinga chimene sichingathe ndi kukambirana, ndipo masiku ano zopinga zotero zinachepa. Makolo akakana, anthu amangolowana. Mtunda unatha ndi WhatsApp. Koma pakati pa anthu awiri pakakhala zaka 200, palibe nkhoswe angazikonze.

Diana Gabaldon anazindikira zimenezi mu Outlander, buku la 1991. Claire ndi namwino amene wangochoka ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali ndi mwamuna wake, ndipo atadutsa pa miyala yoimikidwa ku Scotland anapezeka mu 1743, kumene anakwatiwa ndi wina. Amuna onse awiri ndi ake, ndipo akudziwa kuti mu 1746 ku Culloden anthu a mwamuna wachiwiriyu adzagonja ndi kuphedwa. Kukonda munthu ukudziwa tsoka limene likumudzera, iye osadziwa, pamenepo ndiye pamatuluka misozi. Audrey Niffenegger mu 2003 anaitembenuza: woyendayo ndi mwamuna, amangozimiririka asakufuna chifukwa cha chibadwa chake, zovala n'kutsala pansi pamene anaima, ndipo mbali yaikulu ya nkhaniyo ndi ya mkazi wodikira. Kuno mkazi wodikira sitichita kumupeka. Midzi ya Mchinji ndi Kasungu inali ndi akazi ambiri a matchona, amuna atapita ku Joni ndi ku Halale, ena osabwerakonso. Owerenga anu adzamuzindikira mkazi ameneyo msanga.

A Nabanda, musathamangire chikondicho musanafunse kuti mtsikana wanu alowa bwanji m'mudzi wa Achewa. Alibe mwinimbumba. Akafunsidwa kwawo sangaloze. Mnyamata akamufuna, akagogoda kwa yani, ndipo adzamuimire ndani pa chinkhoswe? Pa chikamwini mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi, koma iyeyu mudzi alibe. Anamkungwi nawo adzafuna kudziwa ngati analangizidwa. Izi zokha zikupatsani mitu itatu kapena inayi.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa ndi ziwiri. Wolemba amampatsa mnyamata wakaleyo maganizo a lero kuti timukonde, ndiye nthawi yakale imangokhala zovala chabe. Ena amapita mbali inayo, kukometsera nkhanza zake ngati chikondi, zimene ine ndimadana nazo kwambiri. Asiyeni akangane zenizeni, pa za sukulu, za ana, za amene asunge ndalama ya fodya, ndipo wina asinthe pang'onopang'ono tikuona. Jambulaninso mzere wa banja lonse musanasankhe mnyamatayo, kuopa kuti pa mutu 20 mungadzatulukire kuti ndi m'bale wake. Ndipo dziwiranitu ngati atsale kapena abwerere. Akatsala, wataya amayi ake ndi chipatala cha lero tsiku lodzachira. Akabwerera, mnyamatayo akamupeza ndi nkhalamba kapena manda.

Chisale, Santhe

Ine ndiima pa chaka. Musalembe kuti "kalekale". Ngati mtsikanayo ali ndi zaka 22 lero, agogo ake anali achitsikana m'ma 1970. Tiyerekeze 1974, muone mavuto amene akumudikira tsiku loyamba lomwelo.

Wafika atavala buluku, pamene lamulo la 1973 linaletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linadzachotsedwa mu 1993. Alibe khadi la chipani, choncho ayufi samulola kulowa mumsika kapena kukwera basi. M'thumba mwake muli K200 ya nkhope ya Rose Chibambo, amene nthawi imeneyo anali atathawira ku Zambia kutsatira mkangano wa nduna wa 1964. Ndalama ya mu 1974 inali ndi nkhope ya Kamuzu yekha. Wina akangoiona K200 imeneyo, mtsikana wanu akhoza kutsekeredwa popanda mlandu. Musamusowetse mtendere ndi mfiti kapena achifwamba pamene ndalama yokha ikukwanira.

Samalani ndi zimene kunalibe. Likulu linali likadali ku Zomba mpaka 1975. Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980. Wailesi ya m'dziko muno inali MBC yokha, kanema kunalibe. Kwacha inali itangoyamba mu 1971, ndiye achikulire ambiri ankawerengerabe m'mapaundi ndi masheleni. Foni yake ikhala ya ntchito tsiku limodzi kapena awiri, batire n'kutha.

Olemba ambiri amamupanga mlendoyo kukhala wodziwa zonse. Wogwiritsa ntchito foni sangapange foni. Mpatseni nzeru zochepa zimene munthu anganyamule m'mutu, monga madzi opulumutsa mwana wotsegula m'mimba: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Pa zina zonse, kusinja, kukonola, kusenza ndowa, kuzira nyumba, iye ndiye mbuli ndipo mudzi wonse uona. Akanena kuti uje amwalira mwezi wamawa n'kuchitikadi, sadzamuyamika, adzati ndiye wamulodza.

Chilankhulo nachonso chimugwiritsa. Connie Willis mu Doomsday Book, buku la 1992, anatumiza wophunzira wa ku Oxford amene anakonzekera chilankhulo cha nthawiyo, koma atafika sankamva zimene anthu ankayankhula, ndiponso m'malo mwa 1320 anagwera mu 1348, chaka cha mliri waukulu. Wanuyu akati "bho" kapena akalankhula ndi apongozi ataimirira, aonekeratu.

Kofufuza koyamba ndi agogo enieniwo. Afunseni mtengo wa mchere ndi nsalu, nyimbo za pamtondo, zimene ankagulitsa ku ADMARC. Kenaka magazini akale a Moni ndi zosungidwa ku National Archives ku Zomba. Mukafuna kubwerera mpaka 1895, pamene asilikali a Angelezi anagonjetsa Mwase Kasungu, yambani ndi Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, ndipo kumbukirani kuti wobadwa 1980 itadutsa sanabayidwe katemera wa nthomba.

Kamanga, Nkhamenya

Nonse mwabwerera m'mbuyo, koma sayansi imavomereza ulendo wopita kutsogolo. Einstein anaonetsa mu 1905 kuti wotchi yothamanga kwambiri imachedwa poyerekeza ndi yotsala, ndipo mu 1971 asayansi ena anayesa ndi mawotchi a atomu m'ndege n'kupeza kuti n'zoona. Pa 99.5 peresenti ya liwiro la kuwala, chaka chimodzi cha woyenda chimakhala zaka 10 kwa otsala. Mnyamata wochoka ali ndi zaka 25 n'kuyenda zaka 5 abwera ali ndi 30, bwenzi lake limene anali nalo msinkhu umodzi lili ndi 75, ndipo njira yobwerera palibe. Nthano yachikondi imeneyo siifuna matsenga alionse. Za kutsogolo kwa Africa zinalembedwapo kale kuno: Shadreck Chikoti mu Azotus the Kingdom anaika nkhani yake zaka 500 zikubwerazo.

Nabanda, Chulu

Zikomo nonse. Chaka cha 1974 chatikoka chifukwa cha ndege imene inagwa chaka chimenecho, ya Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Tikuganiza kuti mwamuna woyamba wa agogowo anafera m'menemo, ndipo mtsikanayo akufuna kumupulumutsa. Aphunzitsi, lamulo liti lingagwire bwino?

Aphunzitsi Mwale, Mtunthama

Mwasankha bwino, a Nabanda, koma dziwani kaye kumene ndegeyo inkapita. Inagwa pa 4 Epulo 1974 itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ikubweretsa anthu kumudzi kuchokera ku migodi. Amalawi oposa 70 anafa, ndipo Kamuzu anaimitsa ulendo wa Wenela. Choncho mtsikana wanu sangakaime pakhomo kumuletsa kukwera. Iye ali ku Kasungu, bamboyo ali ku Joni, ndipo chimene ali nacho ndi kalata basi. Bamboyo mumupeke ndithu, musatenge dzina la munthu amene anaferadi pangoziyo, chifukwa abale awo alipo.

Tsono werengerani. Ngati amayi a mtsikanayo anabadwa mu 1977 kwa mwamuna wachiwiri, kupulumutsa woyambayo ndi kufafaniza amayi ake ndi iye yemwe. Pa lamulo lakuti zakale zimasintha, nkhani yanu ndi imeneyo: tsiku ndi tsiku akuona agogo ake akuwerenga miyezi yoti mwamuna abwere, kalata ili m'manja mwake, aitumize kapena ayi. Pa lamulo lakuti sizisintha, kalatayo aitumize, bamboyo aiwerenge, achite mantha kuti kumudzi kwagwa zovuta, apemphe kunyamuka msanga, n'kupatsidwa malo pa ndege ya pa 4 Epulo. Ine ndingasankhe limeneli, koma limafuna kuti kalatayo tiione kumayambiriro kwenikweni, mwina m'sutikesi ya agogo mu mutu woyamba, yakuda ndi utsi, mtsikanayo osazindikira kuti zolembazo ndi za dzanja lake. Mukawafunse achikulire amene anapitako kuti kalata yochokera ku Kasungu inkatenga masiku angati kufika ku komponi, chifukwa tsiku limene mtsikanayo afike mu 1974 lidalira yankho limenelo.