Nyimbo za achinyamata zomvera mu taxi kuno ku Joni

Wa ku Ndirande: Amwene ndimakwera taxi pa Bree m'bandakucha kupita kuntchito ku Randburg, ndiye nyimbo za mufoni zandikwana. Ndi achinyamata ati akuswa pa amapiano ndi hip-hop panopa?

Nabanda: Achimwene yambani ndi Kelvin Momo, amapiano ake ngofatsa, log drum yake siboola makutu komanso nyimbo zake nzazitali, ziwiri zitatu basi mwafika. Tyla naye ngwa konkuno, anawina Grammy mu 2024 ndi nyimbo yake ya Water.

Che Jafali: Pa rap ine ndi A-Reece wa ku Pretoria, mnyamata uja amalemba, mumvereni pa ma earphone osati pa sipika. Blxckie amasakaniza Chizulu ndi Chingerezi.

Mlongo wanu ku Yeoville: Akumudzi musawaiwale chonde, Eli Njuchi ikanimo ngakhale si rap kwenikweni.