Ndithandizeni kupanga cholembera cha pa sikirini ya foni

Anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Ndimakonda kujambula pa foni, koma chala chimandiphimbira mzere, ndiye ndikuyesa kupanga cholembera ndi zinthu za m'nyumba.

Chimene ndamvetsa n'chakuti sikirini za mafoni amakono sizimva kukanikiza, zimamva chinthu chodutsa magetsi monga chala cha munthu. N'chifukwa chake mtengo wouma kapena pulasitiki sizigwira. Ndinalowetsa kotokosera m'khutu m'bolopeni yopanda inki, n'kukulunga foyilo ya aluminiyamu kuyambira pa thonje mpaka pogwira zala. Thonje likanyowa pang'ono chimalemba bwino ndithu. Likangouma foni imasiya kuchimva, ndipo kumangonyowetsa kukundidetsa nkhawa, madzi ndi foni sizigwirizana.

Kodi pali chouma chimene ndingaike kunsongako? Ndamva za siponji yakuda imene amatetezera tizida ta kompyuta. Alipo anaiyesapo? Nanga foyilo ikakhudza galasi siikanda?

Chondivuta kwambiri ndi ichi: ndikasongola nsonga kuti mizere ituluke yopyapyala, foni siiona n'komwe. Inu mumatani kuti ikhale yaing'ono koma izigwirabe?