Gulu la banja: za Chisomo ndi zopereka za mwezi uno

Lachiwiri

Make Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Ife kuno sitinagone. Chisomo wagwa khunyu kawiri usiku, cha m'ma 1 ndi cha m'ma 4. Ndiponso lero ndi tsiku lachinayi osachita chimbudzi. Mimba yangoti gwa ngati ng'oma

Amalume: Pepani Make Chisomo. Anagwa nthawi yaitali bwanji?

Make Chisomo: Koyamba mphindi 2, kachiwiri sinakwane ndi imodzi yomwe. Ndinamugoneka chammbali mpaka anatsitsimuka. Miyezi itatu yathunthu anali asanagwepo amalume, mtima wangosweka

Mayi Aakulu Mbare: Ndinanena ine. Mwana wa zaka 6 osalawa nsima, chimbudzicho chichokera kuti? Mazira, kirimu, mafuta, mazira, kirimu, mafuta. Mpatseni phala la mgaiwa ndi papaya wakupsa, pofika masana mundiuza

Achemwali Leeds: Mayi aakulu mwadzuka bwanji. Phala ndi papaya ayi chonde. Ndangoweruka ku ntchito ya usiku, ndisambe kaye ndilemba bwino

Mayi Aakulu Mbare: Ife tinalera ana 7 ndi phala, palibe anadzimbidwapo

Amalume: Tikudikira anamwino, ndikumbutse za mwezi uno. Tinagwirizana $15 aliyense pofika pa 5. Lero ndi pa 11. Apereka ndi a ku Leeds, ine, alamu a ku Highfield kuno ku Harare ndi Mng'ono wa ku Tafara amene wapereka $10. Enawo mukudzidziwa

Mng'ono Tafara: $5 yotsalayo ndibweretsa Loweruka amalume, abwana sanatilipire

Amalume: Iwe palibe vuto. Ndikunena amene amawerenga n'kungoti zii

Alamu Highfield: Kkkk timizere tabuluu tikuoneka ndithu

Mng'ono Tafara: Achemwali, ku famase kuno kuli mankhwala amadzi otsegula m'mimba, lactulose. Anzanga amagulira ana awo. Ndigule ndibwere nawo pa kombi?

Achemwali Leeds: Usagule. Amenewo ndi otsekemera, ali ndi mitundu ya shuga mkati, ndipo kwa mwana wa keto, chakudya cha mafuta ambiri chochepetsa khunyu chija, madokotala ambiri amawapewa. Amene amakonda kupereka ndi a ufa aja osungunula m'madzi, macrogol, ena amawadziwa kuti Movicol. Koma muyeso wake anene ndi dokotala wa Chisomo, osati ine pa foni

Achemwali Leeds: Ndifotokoze kamodzi kuti aliyense amve, chifukwa nkhaniyi imabwera mwezi ndi mwezi. Thupi likasowa nsima, buledi, mbatata ndi shuga, limayamba kuwotcha mafuta, ndipo chiwindi chimapanga zinthu zotchedwa ketones. Ubongo ukamagwiritsa ntchito zimenezi, ana ena amene mankhwala okha akulephera amachepetsa kugwa. Si za dzulo izi, ku Mayo Clinic ku America anaziyamba mu 1921. Chisomo ali pa 3:1, kutanthauza magalamu 3 a mafuta pa galamu imodzi ya zina zonsezo, nyama ndi sitachi kuphatikiza. N'chifukwa chake mayi ake amayeza chilichonse pa kasikelo kaja. Kudzimbidwa ndi vuto lodziwika kwambiri pa chakudya chimenechi, chifukwa gaga ndi zipatso mulibe. Timathana nako popanda kuphwanya chakudyacho

Mayi Aakulu Mbare: Ndiye mwavomera nokha kuti gaga mulibe. Mpatseni phala

Achemwali Leeds: Kapu imodzi ya phala ikhoza kugwetsa ketones, mwana n'kuyambanso kugwa. Mukukumbukira mmene zinalili chaka chatha?

Make Chisomo: Ine sindingaiwale. Kasanu, kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Chipsera cha mbaula chija chikadali padzanja lake

Amalume: Tisabwerere kumeneko

Achemwali Leeds: Mng'ono wanga, kapepala koyezera ketones mu mkodzo kakuonetsa chiyani m'mawa uno?

Make Chisomo: Ndiye chikundidabwitsa chimenecho. Masiku onse kamasanduka pepo wakuda. Dzulo ndi lero kangotuwa, pinki wotumbuluka. Ndinkaganiza kuti mwina timapepalato tatha mphamvu, botolo ndinalitsegula kalekale

Achemwali Leeds: Zimatheka, tikakhalitsa kapena kulowa chinyezi timanama. Koma ganiza bwino kuyambira Loweruka. Wadya chiyani chachilendo? Mankhwala atsopano? Panado wamadzi? Ngakhale mankhwala otsukira mano a ana amakhala otsekemera

Make Chisomo: Panado ndimamuphwanyira wa mbulu monga munandiuzira. Kusukulu aphunzitsi akudziwa, amadya za m'kabokosi kake basi

Azakhali Dedza: Moni nonse kuchokera kumudzi. Netiweki inavuta. Nkhani ya chiliza cha agogo ili pati? Mvula ikayamba sitimanganso

Amalume: Achemwali, imeneyo tikamba tsiku lina

Azakhali Dedza: Chaka chatha munatinso tsiku lina. Simenti ija matumba 6 inauma tikudikira tsiku lina

Alamu Highfield: Matumba 6? Ife tinamva kuti ndalama inatumizidwa ya matumba 10

Azakhali Dedza: Funsani amene anainyamula

Uthengawu wachotsedwa

Mng'ono Tafara: Ndani wachotsa? Ine ndawerenga kale kkkk

Amalume: Iwe khala chete, ndiwe mwana

Alamu Highfield: Tisiye zimenezo. Mng'ono, Dynamos yako ija ili bwanji masiku ano?

Mng'ono Tafara: Alamu musayambe. Tikumana ku Rufaro

Make Chisomo: Chonde abale. Mwana ali gone pano akulira m'mimba, inu muli pa mpira

Alamu Highfield: Pepani alamu, talakwa

Achemwali Leeds: Madzi akumwa ochuluka bwanji?

Make Chisomo: Apo ndiye pali vuto. Kuno ku Mabvuku mukudziwa, pampopi ndi pouma. Timatunga pa mjigo, ndimawiritsa, koma akuti akununkha utsi, amangolawa n'kukana. Dzulo sindikhulupirira ngati anamaliza makapu awiri. Kutenthaku

Achemwali Leeds: Ndi zochepa kwambiri. Popanda madzi ngakhale Movicol sagwira bwino. Ndiponso ana a keto amatha kuchita timiyala mu impso akamamwa madzi ochepa, n'chifukwa chake timalimbikira. Amalume, pa ndalama zija pachoke ya madzi a m'botolo sabata ino. Uziziritse, ufinyiremo timadontho ta ndimu, uzimupatsa pang'onopang'ono tsiku lonse

Amalume: M'thumba muli $55. Kirimu, batala, mazira tireyi ziwiri, timapepala ta mkodzo, thiransipoti ya ku chipatala, tsopano madzi ndi ufa wa mankhwalawo. Muwerenge nokha ngati zikukwana

Make Chisomo: Kirimu wa sabata yatha theka anasasa, magetsi anapita tsiku lonse firiji n'kutentha. Ndinataya misozi ili m'maso

Alamu Highfield: Muzisunga kwathu, tili ndi sola. Mnyamata wanga azikubweretserani

Mayi Aakulu Mbare: Ndalama zonsezi kugulira mafuta. Ufa wa mgaiwa ndili nawo wochokera kumudzi, waulere

Amalume: Achemwali, pa mndandanda wanga dzina lanu lilibe chizindikiro kuyambira mwezi watha

Mayi Aakulu Mbare: Ine ndimapereka m'njira zina. Ndani amamusunga mwanayu Lamulungu mayi ake akapita ku msonkhano wa amayi?

Achemwali Leeds: Lamulungu lapitali anali kwa inu?

Mayi Aakulu Mbare: Eya, ndipo anasewera bwinobwino ndi anzake

Achemwali Leeds: Anadya chiyani?

Mayi Aakulu Mbare: Za m'kabokosi kake zija

Mng'ono Tafara: Mayi aakulu

Mayi Aakulu Mbare: Chiyani iwe

Mng'ono Tafara: Ine ndinalipo

Mayi Aakulu Mbare: Thobwa si chakudya. Kakapu kamodzi kokha. Anzake onse akumwa, iye wangoima pakhomo akuwayang'ana, milomo gwa. Ndiponso mayi ake anali atandiuza kuti sanachite chimbudzi. Inu mukanatani? Mtima wa munthu si mwala

Make Chisomo: Mayi aakulu, thobwa la shuga?

Mayi Aakulu Mbare: Shuga wake pang'ono

Make Chisomo: Ine ndimadzuka 4 koloko kuyeza dzira pa sikelo. Peyala ndimadula, ndikapyola magalamu 5 ndimachotsa ndi nsonga ya mpeni. M'nyumba mwanga nsima timadya iye akagona, mlongo wake anasiya kupempha masikono. Miyezi 7. Ndiye inu kakapu kamodzi kokha

Mayi Aakulu Mbare: Ndiye mukuti ndamugwetsa ndine?

Achemwali Leeds: Palibe wanena choncho. Mwana wodzimbidwa sagona bwino, ndipo kusagona pakokha kumaputa khunyu. Madzi ochepa, kutentha, thobwa, zonse zakumana sabata imodzi. Koma thobwa ndi chimanga, chimera ndi shuga, zonse zitatu ndi zimene sayenera kulawa. Dokotala auzidwe, asamafufuze mumdima kapena kuwonjezera mankhwala pachabe

Amalume: Monga mwini mbumba ndinene. Achemwali munachita ndi chifundo, tikudziwa. Koma kuyambira lero mwanayu sadya kapena kumwa chilichonse chosachokera m'manja mwa mayi ake. Kaya ndi ku tchalitchi, kaya ku maliro, kaya ku ukwati. Nkhani yatha

Mayi Aakulu Mbare: Chabwino. Ine ndine woipa. Pa matenda a malemu mayi ndinalinso woipa ndine, enawo ali kutali

Azakhali Dedza: Kunotu kuli munthu amadziwa mankhwala a khunyu, anthu amachokera kutali

Achemwali Leeds: Azakhali, mwaulemu, ayi. Sitidziwa zimene zili m'mizuyo ndi mmene zingakumanirane ndi mankhwala amene akumwa. Ndipo ndibwereze kwa aliyense amene angamusunge. Akagwa, mugonekeni chammbali, chotsani zinthu pafupi, yang'anani nthawi. Osamulowetsa supuni mkamwa, osamupanikiza, osamumwetsa kanthu mpaka atatsitsimuka. Khunyu sapatsirana, malovu ake musawaope. Akapyola mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani naye ku chipatala. Za mimbazi, akayamba kusanza, kutentha thupi, kutuluka magazi kapena kutupa kukamakula, musadikire mawa

Make Chisomo: Ndaimbira ku kiliniki. Akuti ndibwere naye lero 2 koloko, mankhwala a khunyu ndisasiye, chakudya ndisasinthe. Ndipite ndi kabuku kamene ndimalembamo kugwa ndi chimbudzi

Achemwali Leeds: Ufunsenso woona za zakudya uja ngati angawonjezere peyala ndi masamba pa muyeso, mpiru, repu kapena nkhwani wopanda nsinjiro zambiri. Ufunsenso za mafuta apadera a keto otchedwa MCT, amathandiza kufewetsa m'mimba, koma amayamba pang'ono kwambiri chifukwa akachuluka amatsegula ndi kupotokola

Make Chisomo: Mapeyala nyengo yake ikutha, ku mashopu akwera mtengo

Alamu Highfield: Ndani angamuperekeze? Pa kombi ndi mwana wodwala m'mimba si bwino. Galimoto yanga ili ku galaja

Amalume: Achimwene a ku Joni anasiya galimoto kwa apongozi awo ku Hatfield. Ingoima. Mwina atiyankha pa imeneyi

Mng'ono Tafara: Ali pa intaneti panopa, ndikuwaona

Amalume: Tikuwaona tonse

Mng'ono Tafara: Ndipempha abwana ndituluke 12, tikwera takisi. Amalume nditumizireni $10 pa EcoCash

Amalume: Ndatumiza. Zatsala $45

Lachitatu

Make Chisomo: Mwadzuka bwanji. Anamupatsa wa ufa uja, tayamba dzulo madzulo. Usiku sanagwe. Chimbudzi sichinabwerebe koma akuti zimatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri. Wamwa madzi a m'botolo makapu 5, ndimamuikira kaudzu komwera ndiye akuona ngati masewera. Kapepala kayamba kuda pang'ono

Achemwali Leeds: Zikomo Ambuye. Timapepala tatsopano ugule ndithu

Azakhali Dedza: Ameni. Nanga chiliza?

Mayi Aakulu Mbare: Ndili ku Mbare Musika. Ndapeza mapeyala 8, atatu akupsa, enawo aziwisi apsa pofika Loweruka. Ndiwapereka kwa Mng'ono. Amalume mulembe kuti ndapereka

Amalume: Ndilemba mapeyala 8. $30 ya miyezi iwiri ikadalipo

Mayi Aakulu Mbare: Papaya ndamuonanso wabwino koma sindinagule, musadandaule

Make Chisomo: Zikomo mayi aakulu

Make Chisomo: Abale!! Wachita!! Panopa, 11 koloko. Analira poyamba, zolimba ngati timiyala, kenako zinabwera zambiri. Akupempha dzira

Alamu Highfield: Banja lonse kusekerera chimbudzi kkkk

Mng'ono Tafara: Chithunzi musatumize achemwali

Achemwali Leeds: Usasiye mankhwalawo lero poti wachita, upitirize mpaka dokotala anene. Ukasiya msanga zimabwereranso

Achimwene Joni: Moni nonse. Ndinali kotanganidwa. Tithokoze Mulungu mwana ali bwino. Yanga nditumiza Lachisanu

Amalume: Lachisanu liti?