Thandizeni a gulu, asayimenti yanga yabwezedwa kachiwiri ku TTC

Membala wobisa dzina:
Moni nonse, a admin chonde dzina langa lisaoneke chifukwa anzanga a m'kalasi ambiri ali momwemuno. Ine ndili ku TTC, koleji ya aphunzitsi, chaka choyamba temu yachiwiri ndiye nkhani yake ndi ya asayimenti. Alekichala athu andibwezera pepala langa kachiwiri, ulendo woyamba anangolemba ndi cholembera chofiira kuti ndilembenso, ulendo uno azunguliza ndime yonse yoyamba nkuika chizindikiro cha funso chachikulu ngati mbedza osanena kalikonse. Ine ndinalemba mapeji 6 pamanja usiku wonse ndi tochi ya pa foni poti magetsi ku hositelo anathima 7 koloko, pomwe mnzanga wa bedi lapamwamba analemba mapeji awiri okha koma yake yadutsa, ndipo ndi yemweyu anabwereka mojulo yanga nkuibweza chikuto chitathothoka, ndowa yanganso amangotenga osapempha koma ine sindiyankhula. Alawansi sinalowebe, mayi kumudzi akuvutika ndi shuga, mwana ndinamusiya kwa achemwali anga amene tsiku ndi tsiku akungoflasha kuti ufa wa phala watha, ndiye mutu wanga sukugwira. Temu yamawa tikupita ku TP, kukayeserera kuphunzitsa pa sukulu, ndipo ndamva kuti malikisi a ma asayimenti amawerengedwa pamapeto. Lachisanu ndiye tsiku lomaliza kupereka. Ndipange bwanji abale kuti ulendo uno idutse? Kapena alekichalawa angodana nane? Otukwana chonde mungodutsa.

Madamu a Sitandade 2:
Pepani mwana wanga. Koma simunatiuze, ndi phunziro lanji ndipo funso lake likuti chiyani? Tilembereni momwe alekichala analembera.

Ahedi Opuma:
VUTO LA ANA A MASIKU ANO NDI LIMENELI. Mapeji 6 mukudandaula? Ine ndinayamba uphunzitsi 1994 chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anakhamukira ku sukulu ngati ngumbi mvula yoyamba, anatitenga tilibe maphunziro a uphunzitsi nkutiphunzitsa masabata ochepa chabe basi nkutipatsa choko. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi tikukoleka pa msomali. Kenako ndinapita ku MIITEP, maphunziro a ife aphunzitsi amene tinali kale pa ntchito, miyezi itatu yokha ku koleji zotsalazo timawerenga tili ku sukulu tikuphunzitsa, ma asayimenti timalemba pa nyali ya koloboyi nkutumiza. Palibe anabwera pa gulu kudzalira. Inu muli ndi bedi, nsima akukuphikirani, mukuti mutu sukugwira!

Mnyamata wa IPTE:
Adala tayambani mwapuma kaye, munthu wafunsa za asayimenti osati mbiri ya dziko kkkkk

Ahedi Opuma:
Iwe usanditchule adala, ndine bambo ako ine. Ana a msinkhu wako ndawaphunzitsa a e i o u mpaka ena ndi ma nesi pano.

Nachisale:
Mnzako wa ndowayo ndi amene ali ndi yankho. Yake yadutsa ndi mapeji awiri, ndiye mmalo momusungira mkwiyo wa chikuto cha mojulo mugulire mandasi awiri umupemphe uone momwe wayambira. Usakopere, ungoona kuti iye funsolo analimva bwanji.

Mnyamata wa IPTE:
Asisi musavutike, lembani funsolo mu ChatGPT mphindi imodzi yokha yakupatsani zonse ndi ma refarensi omwe, inu nkungokopera pamanja. Theka la kalasi yathu linkatero.

Lekichala wina:
Chonde musamunamize mnzanu. Timazindikira msanga kwambiri. Chizungu chimakhala chosalala ngati cha m'nyuzi za kunja, mwana yemwe m'kalasi amalephera kumaliza chiganizo, ndiye zitsanzo zake zimanena za kalasi ya ana 20 aliyense ndi tabuleti yake, pomwe inu mukukonzekera kukaphunzitsa ana opitirira 100 atakhala pansi. Mabuku ena amene imatchula kulibe nkomwe, ndinafufuzapo ine. Kwa wofunsayo: ndime yoyamba ikazungulizidwa yonse kawirikawiri ndiye kuti mwayankha funso lina osati limene mwafunsidwa. Yang'anani mneni amene ali m'funsomo. Kutchula, kufotokoza, kuyerekeza ndi kuunika ndi ntchito zosiyana. Ambiri akafunsidwa kuti awonetse momwe angagwiritsire ntchito maganizo a Piaget, katswiri wa kakulidwe ka nzeru za ana, pophunzitsa masamu sitandade 2, amadzaza mapeji anayi ndi mbiri yake, kuti anali wa ku Switzerland, magawo anayi a kakulidwe ka nzeru za mwana, zaka zake zonse bwinobwino, koma osafika m'kalasimo. Pomwe chofunika nchoti mwana wa zaka 7 kapena 8 amamva kuwonkhetsa akagwira zinthu ndi manja, ndiye muonetse zitsekerero za mabotolo kapena timiyala tili m'manja mwake. Koma poti funso simunatipatse ndikungoponya mwala mumdima.

Ahedi Opuma:
Piaget Piaget chiyani! Piaget anaphunzitsapo ana 150 a sitandade 1 mwezi wa Okutobala dzuwa lili pamutu? Mphunzitsi ndi ZOLEMBA ZA PA BOLODI ndi SIKIMU basi. Ine ana a TP akabwera pa sukulu panga ndimayamba ndawapatsa choko kuti alembe chiganizo chimodzi pa bolodi, mzere umayamba kumwamba nkukathera pansi ngati njira ya ku chigwa. Mwinanso mtsikanayu akumubwezera chifukwa cha malembedwe oipa, kulemba ndi tochi ya foni zilembo zake zingaoneke bwanji?

Madamu a Sitandade 2:
Ahedi ulemu wanu, koma nthawi inasintha. Ife tikuphunzitsa kuwerenga poyamba ndi maliwu, kenako malembo, kenako maphatikizo, mphunzitsi achite yekha, achite limodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Pulogalamu imeneyi ya National Reading Programme inayamba 2016 inu mwina munali mutatsala pang'ono kupuma. Zimene munkachita zoimbitsa ana ba be bi bo bu chaka chonse ana ambiri amafika sitandade 4 akuloweza osawerenga.

Ahedi Opuma:
Mayi inu amene munaphunzira ndi ba be bi bo bu yemweyo lero mukulemba pa Facebook bwinobwino, ndiye inalephera pati? Ma pulogalamu anu aja amabwera ndi galimoto zoyera nkupita, ndinaona ANIKUMETO ine, zoyamba kuphunzitsa malembo a n i k u m e t o zija, ndinapita ku ma semina osawerengeka ku TDC, malo osulirako aphunzitsi a m'zoni, chimene chimatsala ndi mphunzitsi ndi choko chake.

Bambo a Junior:
Ine nkhani ya asayimenti sindiyankhapo, ndingoti mchemwali ganizirani bwino. Mkazi wanga anamaliza IPTE, maphunziro a uphunzitsi a ku TTC omwewa, malikisi abwino zedi, anakhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa ntchito mpaka anayamba geni ya kaunjika, kenako anamutenga ngati mphunzitsi wothandizira ndalama yake yosakwana ndi thumba la feteleza lomwe. Ndiye mukamataya tulo ndi mapeji 6 dziwani kuti kutsogoloku kulinso mzere.

Nachisale:
A bambo a Junior munthu ali kale ndi nkhawa inu mukumuwonjezera katundu bwanji? Nanga asiye sukulu?

Bambo a Junior:
Sindinati asiye, ndangonena zoona. Anthu simufuna chilungamo pa gulu pano.

Mtumiki wa ku Area 25:
Mlongo zimenezi si zachibadwa ayi, kubwezedwa kawiri pamene mnzako amene amagwira ndowa yako akudutsa? Samalani ndi zinthu zanu zimene anthu akugwira. Ndilembereni ku inbox tipemphere limodzi.

Mnyamata wa IPTE:
Kkkkkk abusa ndowa yalowa bwanji mu Foundation Studies

Chemwali wa ku Mulanje:
Zinandichitikira ine zimenezi chaka changa choyamba. Anatipatsa kuti tilembe chikonzekero cha phunziro la Chichewa sitandade 3, ine ndinalemba nkhani yaitali yofotokoza ubwino wa kukonzekera phunziro, mawu oyamba, thunthu, mawu omaliza ngati chimangirizo cha MSCE. Anandibwezera katatu ine osamvetsa, ndinalira mpaka maso kutupa ndikuti mayi aja amadana ndi anthu a kwathu. Tsiku lina ndinalimba mtima nkupita ku ofesi kwawo, anangotulutsa pepala nkundijambulira: kalasi, phunziro, tsiku, nthawi, mutu, zizindikiro za kakhonzedwe, zipangizo, kenako mbali ya zochita mphunzitsi ndi mbali ya zochita ophunzira, basi peji imodzi ndi theka. Anandiuzanso kuti pa zizindikiro za kakhonzedwe osalemba kuti ophunzira adziwa kapena amvetsa chifukwa kudziwa sikuoneka ndi maso, lemba kuti atchula, awerenga, alemba, asiyanitsa. Mpaka lero ndikakhala pansi kulemba pulani ndimawakumbukira mayi aja ngakhale anali aukali ngati mavu. Pita ukawaone mwana wa amayi, usapite nthawi ya nkhomaliro.

Ahedi Opuma:
Ife timati ZOLINGA. Izi za zizindikiro za kakhonzedwe zinabwera ndi PCAR, kusintha kwa silabasi ya pulayimale kuja, kungosintha dzina chinthu chake chomwecho. Ndipo kupita ku ofesi kwa alekichala wekhawekha mtsikana, ine sindikulimbikitsa, atenge mnzake. Pamenepo pokha ndanena ngati kholo.

Chemwali wa ku Mulanje:
Apo ndiye tagwirizana ahedi, atenge kalasi repu kapena mnzake wina aliyense.

Kamnyamata ka fotokope:
Amene mukufuna kutayipitsa ma asayimenti, kupulinta, kubayinda, ma pasipepala a IPTE ndili nawo pa PDF, mitengo yabwino, ndipezeni ku inbox.

Admin 2:
Malonda ndi Loweruka lokha pa gulu lino, kachiwiri ndikuchotsani.

Mphunzitsi wa kumudzi:
Kaya funso ndi lotani, ikanimo TALULAR, kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka m'dera lanu lomwelo, simudzalakwa. Alekichala amakonda kuona kuti mukuganiza za sukulu yeniyeni yopanda ndalama: makatoni odula kukhala makadi a malembo, dongo loumbira zilembo, nthangala za bwemba zowerengera, mabotolo apulasitiki oyezera madzi, thumba la shuga lakale kukhala tchati. Ine ku TP ndinapita ndi katoni yodzaza zitsekerero ndipo wondiyang'anira anandipatsa malikisi apamwamba. Koma chiswe chinadya makadi anga onse holide imodzi, m'kalasi mopanda chitseko, mpaka lero zimandiwawa.

Lekichala wina:
TALULAR ndi yabwino koma si mchere woti muthire mu ndiwo iliyonse. Ngati funso ndi loti aunike phunziro limene anaphunzitsa anzake m'kalasi, chofunika ndi kunena chimene chinayenda, chimene sichinayende, chifukwa chake, ndi chimene adzasinthe. Ophunzira ambiri amalemba kuti phunziro linayenda bwino ana onse anamva, basi. Pamenepo palibe chimene waunika. Komanso mojulo ija ya ku MIE, bungwe lokonza silabasi, muitchule kumapeto ngati mwatengamo mfundo, ambiri amakopera ndime yathunthu osatchula ngati kuti ife sitinaiwerenge.

Ahedi Opuma:
A lekichala inunso muli ndi vuto. Mwana mwamuzungulizira ndime nkuika chizindikiro cha funso, ndiye aphunzirapo chiyani? Inu nomwe mumawaphunzitsa kuti pochonga kope la mwana uzilemba ndemanga yomuthandiza, koma inu eni ake mukungojambula mbedza. Ine kope la mwana wa sitandade 8 sindinkalibweza popanda kumuitana pa desiki panga. NTHAWI YATHU tinali ndi ma inspekita, akabwera pa njinga yamoto sukulu yonse imanjenjemera.

Lekichala wina:
Si ine ndinachonga pepalalo bambo. Koma mukachonga mapepala a makalasi anayi nokha mudzandiuza ngati ndemanga zimatuluka zazitali.

Ahedi Opuma:
Ndachongapo makope 150 tsiku lililonse kwa zaka zoposa 20 ine, musandiopseze ndi makalasi anayi.

Nachisale:
Abale mwini nkhani ali kuti? Anthu akukangana pa maliro osadziwa womwalira.

Membala wobisa dzina:
Pepani ndinalibe bandulo, ndabwereka foni ya mnzanga. Zikomo nonse amene mwandilimbikitsa, a Mulanje mwandigwetsa misozi. Ahedi zolemba zanga ndi zabwino, ku sekondale ndinkalembera aphunzitsi manotsi pa bolodi. Uja wa ndowa ndinamupempha pepala lake akuti analipereka kale ndipo sakumbukira zimene analemba, mukuona mtima wake? Lero watenganso sopo wanga. Alekichala aja akuti apita ku semina abwera Lachinayi madzulo ndiye nditsala ndi usiku umodzi wokha. Achemwali aimbanso kuti mwana watentha thupi. Ndiye ndiyambe ndi mawu oyamba atsopano kapena ndingochotsa mapeji ena?

Madamu a Sitandade 2:
Mwanayo apite naye kuchipatala akamuyeze malungo lero lomwe osadikira. Koma mwana wanga FUNSO LIKUTI CHIYANI? Jambula pepalalo utiponyere pano.

Mnyamata wa IPTE:
Asisi atiuza za sopo, ndowa, phala, koma funso ndi chinsinsi cha boma kkkk

Ahedi Opuma:
Kulembera aphunzitsi manotsi pa bolodi ku sekondale si umboni. Zilembo za sitandade 1 ndi zina, a wake amakhala wozungulira ndi kamchira, osati uyu wa m'foni. Ine mu 1997 tutala wathu anatiimika pa bolodi sabata yathunthu tikungolemba a ndi g mpaka dzanja kuchita dzanzi.