Boyila ya nkhuni ya panja yotenthetsera nyumba, ingatheke kuno ku Lilongwe?

Bambo_a_Tadala:

Moni nonse abale. Ndili ndi funso ndipo musandiseke chonde kkkk. Ndikumalizitsa kanyumba kanga cha ku Likuni uko, panopa tafolera malata koma fulo sitinathire, ndipo mayi anga akubwera kudzakhala nafe chifukwa kumudzi akhala okha nthawi yayitali. Vuto ndi lakuti mayiwa ali ndi nyamakazi, ikangofika Juni ndi Julaye sagona, miyendo imawawa usiku wonse ndiye amangolowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka chitseko, ine zimenezo ndimaopa koopsa.

Ndiye mlamu wanga amene ali ku Minnesota ku America ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp, kwa bwana wake kuli chinthu chooneka ngati kashedi kachitsulo chili panja patali ndi nyumba, amaponyamo zikuni zikuluzikulu, moto umatenthetsa madzi, madziwo amayenda m'mapaipi pansi pa nthaka mpaka m'nyumba, nyumba yonse kumafunda bwinobwino popanda utsi kulowa. Madzi osamba akuchokeranso momwemo. Ine nditaona mutu unangoima, ndinati ichi ndiye chofunika mayi.

Funso langa ndi ili, kodi alipo amene anayesapo zoterezi kuno? Anyamata owotcherera a ku Mchesi kapena ku Biwi angapange? Nanga chimadya nkhuni zochuluka bwanji? Puloti ndi yayikuluko ndipo ndinadzala bulugama kumapeto kwake zaka zapitazo. Thandizeni maganizo ndisanathire fulo.

Che_Pulambala25:

Bambo a Tadala, palibe chosekera apa, chinthucho kuno chilipo kalekale kungoti ife timachidziwa ndi dzina lina. Akuluakulu amati Rhodesian boiler, ena amati donkey, mukapita ku mamishoni akale, m'maesiteti a fodya ngakhale m'malo ena ogona alendo mukachipeza chili kuseri kwa bafa. Ndi dramu ya malita 200 yogoneka pa kauvuni ka njerwa, moto pansi, chumuni kumbuyo, basi. Ine ndamangapo zingapo ndipo za madzi osamba zimagwira ntchito bwino zedi.

Koma mvetserani apa chifukwa ndi pamene anthu amavulalira. Madzi ozizira azilowa pansi pa dramu, otentha azitulukira pamwamba, ndipo pa paipi yotulutsayo muikepo T n'kukweza paipi ina yoima chilili, yotsegula kukamwa, ifike pamwamba kuposa pamene madzi amalekezera mu thanki yanu. Imeneyo ndi yopumira. Madzi akawira nthunzi imathawira mmenemo. Tsiku lina ndinaitanidwa pa nyumba ina, mwini wake anaona paipiyo ikulavula madzi otentha ndiye anati ikuwononga madzi, n'kuikapo valavu n'kutseka, mxii, dramu inafufuma ngati chitumbuwa mwamwayi inang'ambikira pa msoko pamene panalibe munthu pafupi. Dramu yotsekeka ili pa moto ndi bomba, musalole aliyense atseke paipi imeneyo ngakhale atakhala mmisiri wa zaka zingati.

Zina zing'onozing'ono, musagule dramu imene munali mankhwala kapena petulo, ndipo wowotcherera asayandikize moto pa dramu ya mafuta isanatsukidwe n'kudzazidwa madzi. Pafupi ndi moto ikani mapaipi a chitsulo kapena kopa, PVC imasungunuka. Ngati madzi anu ndi a pa mjigo amasiya zoyera zolimba mkati ngati za mu ketulo zija, pakapita nthawi paipi imatsekeka ndiye muziyang'ana. Komanso musakoleze moto tsiku limene mipopi yauma ndipo thanki ili gwaa, dramu yopanda madzi imapsa tsiku limodzi.

Tsono za kutenthetsa zipindazo ndi nkhani ina. Madzi otentha amakwera okha m'mwamba, ozizira amatsika, ndiye ngati boyila ili m'munsi ndipo thanki ili pamwamba madzi amazungulira popanda pampu. Koma kuwayendetsa chopingasa mamita 20 kenako m'mapaipi opindapinda a pansi pa fulo, pamenepo pampu ndiyofunika, ndipo pampu ikufuna magetsi. Magetsi akathima moto uli lawilawi madzi amaima n'kuwira. Ganizirani kaye pamenepo.

Mlongo_wa_ku_Michigan:

Achimwene, ine ndayankha chifukwa chinthu chimenechi ndimakhala nacho, nyumba imene timachita lendi kuno ili kumudzi ndithu ndipo boyila ya panja tinaipeza. Kwathu ndi ku Area 23 ndiye nyengo zonse ziwiri ndikuzidziwa.

Poyamba zimene alamu anu sanakuonetseni mu vidiyomo kkkk. Chinthuchi ndi ng'ombe ya mkaka, sungachoke pakhomo osasiya munthu. M'mawa uponyemo nkhuni, madzulo uponyemonso, kaya kunja kuli sinoo wofika m'mawondo kaya ukudwala chimfine. Amuna anga chilimwe chonse amathera kudula, kuwaza ndi kusanja nkhuni za nyengo yozizira, ndipo mulu wake mukauona mungaganize kuti tikufuna kuwotcha uvuni wa njerwa. Kuno nkhuni amayeza pa cord, cord imodzi ndi pafupifupi makyubiki mita 3.6, ndipo pa nyengo imodzi zimapita zambirimbiri. Phulusa uchotse, mkati upalemo phula lakuda lija limamatirira ukawotcha nkhuni zosauma, madzi a mu boyila uthiremo mankhwala oletsa dzimbiri n'kumawayeza chaka chilichonse apo ayi chitsulo chimaboola.

Mmene chimagwirira ntchito ndi chonchi, bokosi la moto lazunguliridwa ndi madzi mbali zonse, madziwo amasungidwa cha pa madigiri 80, akatsika kafani kamayaka n'kupemerera moto, akakwana kamazima moto n'kumangonyeka pang'onopang'ono. Nthawi yonyekayo ndi imene utsi umachuluka, ndipo utsi wake ndi woipa, umayenda chapansipansi chifukwa chumuni chake ndi chachifupi. Maneba amakangana nazo zimenezi mpaka matauni ena anaika malamulo a mtunda umene boyila iyenera kutalikirana ndi nyumba ya mnzako. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linaika malire a utsi pa maboyila atsopano mu 2015 n'kudzawakhwimitsanso mu 2020, ndiye ambiri amene akugulitsidwa pano ndi aja amawotchanso utsi womwewo kachiwiri, amadya nkhuni zochepa koma amafuna zouma kwambiri, chinyezi chisapitirire 20 peresenti. Kampani imodzi yodziwika, Central Boiler, ili ku Minnesota komweko kumene kuli alamu anu.

China chimene anthu amalira nacho ndi mapaipi a pansi pa nthaka. Akakhala osakutidwa bwino n'kulowa madzi a mvula, kutentha konse kumathera m'dothi, kuno umadziwira kuti sinoo wasungunuka mzere kuchokera pa boyila mpaka pa nyumba, ndiye kuti ukuwotcha nkhuni kufunditsa nyongolotsi.

Koma chachikulu ndi ichi achimwene. Kuno kuzizira kumayamba cha mu Okutobala mpaka Epulo, masiku ena kumafika madigiri 20 pansi pa ziro, ukapanda moto mapaipi a m'nyumba amaphulika ndi ayisi. Ku Lilongwe kumazizira miyezi iwiri kapena itatu, usiku ndi m'bandakucha, ikamakwana 10 koloko anthu avula majuzi ali padzuwa. Ine mayi anga atakhala ngati anuwo sindingawagulire chimenechi, zoona.

NaPhiri_wa_ku_49:

Bambo a Tadala pepani ndilowererepo, funso langa ndi limodzi, siling'i mwaika? Chifukwa mwanena kuti mwafolera malata koma za siling'i sindinamve. Nyumba ya malata yopanda siling'i ili ngati dengu, kutentha kumakwera n'kutulukira m'malata, pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga mphepo ya mwera ikulowa mmene ikufunira, mawindo a malova sakutseka bwino, pansi pa chitseko mphaka akhoza kudutsa. Mukhoza kuwotcha bulugama yense wa pa puloti mayi n'kumanjenjemerabe. Ife chipinda cha agogo tinaika siling'i, pamwamba pake tinayala zokutira zija amagulitsa m'mahadiweya, makatani olemera, kapeti pansi, ndipo usiku timawaikira botolo la madzi otentha kumiyendo titalikulunga m'chitenje. Anasiya okha kufunsa mbaula.

Za mbaulazo ndiye musanyengerere ngakhale akwiye. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso, chaka chilichonse nyengo ino timamva pa wailesi.

Kwinaku tikambe za nkhuni. Mitengo yanu ndi ingati? Chifukwa bulugama mukadula lero simungawotche mawa, mtengo wauwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, uyenera kuwazidwa n'kusanjidwa pamalo ofolera miyezi yambiri, ndiye za Juni mudule chaka chino chisanathe. Ubwino wake bulugama amaphukiranso pa chitsa. Koma ikatha yanuyo mudzayamba kuimitsa anyamata a njinga aja amatsika ndi nkhuni m'mamawa mu msewu wa Likuni, ndipo tonse tikudziwa kuti zambiri mwa izo zimachokera kuti. Dzalanyama yemweyo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza Kamuzu Dam, madzi amene mukufuna kutenthetsawo. Mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015 kukalondera nkhalango, ndipo lamulo la za nkhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango zake si zamasewera. Ine sindikuweruza, nanenso makala ndimagula magetsi akavuta, koma kuwonjezerapo chimbaula chodya ngolo yathunthu ndiye ayi.

Ndiponso maneba anu ali kutali bwanji? Zovala za anthu pa chingwe zizinunkha utsi daily, mwana wa mphumu akhale pafupi, mudzaitanidwa kwa amfumu.

Mphunzitsi_Sayansi:

Ndingoponyapo masamu pang'ono. Kutenthetsa madzi a dramu ya malita 200 kuchoka pa madigiri 15 kufika pa 60 kumafuna mphamvu yokwana mayunitsi 10 ndi theka tikayerekeza ndi a magetsi aja timagula. Kilo imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi mayunitsi pafupifupi 4. Pa pepala ndiye kuti makilo atatu akwana, koma pa uvuni wa njerwa moto wambiri umathawira mu chumuni ndi m'makoma, ndiye werengerani katatu kapena kanayi kake, kamtolo kamodzi kabwino. Pa madzi osamba banja lonse zimenezo si zoipa. Kufunditsa nyumba yonse usiku wonse ndi chinthu china, chifukwa pamenepo mukuthira mphamvu ola lililonse m'nyumba imene ikutaya, a NaPhiri anena kale.

Dramuyo muikute ndi njerwa mbali zonse ndi pamwamba pomwe, madzi a madzulo mudzawapeza ofunda m'mawa. Ndipo madzi a madigiri 60 amawaula khungu m'masekondi ochepa, ku bafa kukhale mpopi wosakaniza, makamaka poti kuli a Tadala ndi agogo.

Che_Pulambala25:

Aphunzitsi anena zoona za kukuta. Ndiwonjezere kuti popeza fulo simunathire, mukafuna mukhoza kuyala paipi ya pulasitiki yopirira madzi otentha pansi pa chipinda cha mayi chokha, yathunthu yopanda jointi mkati mwa simenti, nsonga zake zitulukire kunja n'kuzitseka. Mtengo wake si woopsa ndipo mukadzaganiza zolumikiza ndi kapampu ka sola ndi batire mudzaipeza ilipo, kusiyana ndi kudzaswa fulo. Koma muiyese ndi madzi musanathire konkire, ikadzadontha pansi pa simenti mudzalira. Ndipo boyila ikhale pafupi ndi bafa, mamita ochepa, mbali imene mphepo imapita osati kumene imachokera.

Bambo_a_Tadala:

Eee abale zikomo, mwanditsegula m'maso. Mayi a Phiri mwandigwira pakhosi kkkk siling'i ndinati ndidzaika chaka chamawa ndalama zikadzapezeka, ndiye taonani munthu ndimafuna boyila ya ku America m'nyumba yoonekera malata. Mitengo ndawerenga dzulo ilipo 34, ina ndi yaying'ono, ndiye ya madzi osamba ikwana koma ya nyumba yonse ayi.

Ndalankhula ndi akunyumba usiku, tagwirizana kuti ndalama ipite kaye ku siling'i ya chipinda cha mayi ndi cha ana, mawindo a chipinda chimenecho tisinthe tichotse malova. Donkey ya dramu timanga kuseri kwa bafa, kumeneko kulibe neba pafupi ndi dimba chabe. Paipi ya pansi pa fulo ija nanenso yandisangalatsa, ndiyala m'chipinda chimodzicho ingokhala. Achemwali a ku Michigan, alamu ndawatumizira zimene mwalembazi, angoseka akuti bwana wawo amawatuma iwowo kukaponya nkhuni 5 koloko m'mawa, mu vidiyo sananene.

Che Pulambala ndakulemberani ku inbox, Loweruka mungapezeke mudzaone malowo? Dramu ndapeza ya munthu wina akuti munali mafuta ophikira, mudzaiyang'ane kaye ndisanalipire.