Lendi sakulipira ndipo ine ndili ku Joni, nditani?

Wofunsa: Admin, ndibiseni dzina. Abale, tulo sindikutiona. Ndimagwira ntchito ya m'dimba kuno ku Joni, ndipo ndinamanga nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 ku Lilongwe. Amisiri anandibera simenti, malata anakhoma opyapyala, mawindo awiri mlamu wanga mpaka lero sakunena komwe anapita. Akazi anga akuti ndine wofewa. Pano tenanti wanga sakulipira, ati denga likudontha ndipo ndalama anakonzera mpopi. Wanditumizira chithunzi cha beseni lili pabedi la ana. Ndimutulutse bwanji?

Mkulu wa ku Biwi: GULITSANI NYUMBAYO! Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ine yanga ndinasiyira mphwanga, ndinakapeza pabalaza akuweterapo nkhuku.

Mayi wa ku Kawale: Achimwene, munalemberana chilichonse ndi munthuyo? Nanga lendiyo amapereka kwa ndani, kwa inu kapena kwa alamu anu?

Tenanti mnzanu: Ma landilodi ndinu choncho. Mumafuna miyezi itatu ya adivansi, koma denga likadontha foni simuyankha. Ife tinagona ndi ambulera dzinja lonse.

Mkulu wa ku Biwi: Iwe, nyumba unamanga ndiwe? Zulani chitseko achimwene, mawa lomwe asamuka!

Mayi wa ku Kawale: Ayi bambo, musamusokeretse mnzanu. Kuzula chitseko kapena kutaya katundu panja mlandu umagwera mwini nyumba. Mumulembere notisi, akakana kutuluka mupite kukhoti la majisitireti.

Mnyamata wa ku Mchesi: Mawindo awiri aja tawaonani pa nyumba ya mlamu, mwina ali bwinobwino ndi makatani omwe.

Wa ku Cape Town: Ine tenanti wanga amatumiza lendi yekha pa Airtel Money, ku nambala ya mayi anga, pofika pa 5 mwezi uliwonse. Mita ya ESCOM ndi ya mayunitsi, ndiye ngongole ya magetsi kulibe. Koma madzi muonetsetse. Funsani ku Lilongwe Water Board ngati pa akaunti yanu pali ngongole, chifukwa akasamuka imatsalira inu.

Mkulu wa ku Biwi: Zonsezo n'zopanda ntchito! Wachibale ayi, ejenti ayi, onse ndi afisi. Ndanena kale, GULITSANI.

Mlongo mwa Ambuye: Koma anthu inu, ana akunyowa m'nyumbamo. Tumizani mmisiri wina akaone dengalo, ajambule, ndipo zokonzazo mudule pa lendi ngati tenantiyo ali ndi malisiti.

Tenanti mnzanu: Bambo a ku Biwi, nkhuku zija lendi zinkalipira?

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndinaiwala kunena kuti mlamu yemweyo anabwerekanso wilibala yanga osabweza. Ndipo tenantiyo akuti wadzala chimanga kuseri, pomwe ndimafuna kumanga boys' quarters.

Mayi wa ku Kawale: Achimwene, za wilibala tazimva. Lendi amalandira ndani?