Cottage ya cob ku Devon: khoma lafufuma, lease nayo yasokoneza

Mmisiri_Crediton: Akuluakulu, thandizeni msanga. Cottage ya Grade II (nyumba yakale yotetezedwa ndi lamulo) kufupi ndi Crediton ku England, makoma a cob (dothi losakaniza ndi udzu), denga la udzu, mkati jointed cruck (mitanda yokhota yolumikiza, yonyamula denga). Wina anapaka simenti kunja konse, pano khoma lakumadzulo lafufuma, mng'alu wachoka pa zenera mpaka pa plinth (maziko a miyala pansi pa khoma). Conservation officer (wa kukhonsolo woyang'anira nyumba zakale) akufuna heritage statement (lipoti la mbiri ya nyumbayo) yonena kuti outshut (kachipinda kophatikiza kukhoma) yakumbuyo inamangidwa liti. Kasitomala ali pa lease, wandipatsa chikalata chakalekale cha zaka 99 pa miyoyo ya anthu atatu. Ndiyambire pati? Scaffold ikungodya ndalama.

Saveya_Exeter: Achimwene, chikalatacho ndi mbiri chabe. Ma lease a miyoyo itatu anali ofala kwambiri ku Devon ndi Cornwall: munthu ankalipira ndalama yaikulu poyamba, lendi yochepa pachaka, lease n'kutha akamwalira womaliza mwa atatuwo. Law of Property Act 1925 inasandutsa otsala kukhala a zaka 90. Lease imene ikugwira ntchito lero itengeni ku Land Registry. Koma chakalecho musachinyoze. Chikatchula zipinda, khola kapena munda, muyerekeze ndi tithe map (mapu a malo olipirira chakhumi cha tchalitchi) ya m'ma 1840 ndi mapu a OS (Ordnance Survey, ojambula mapu a boma) a m'ma 1880 ku Devon Heritage Centre. Outshut ikasowa pa tithe map n'kuoneka pa OS, mwapeza pogwira, ngakhale ma tithe map ena anajambulidwa mwachisawawa.

AnkoloQS: Freeholder (mwini nthaka) wavomera? Listed building consent (chilolezo cha khonsolo chosinthira nyumba yotetezedwa) si chilolezo cha mwini nthaka. Werengani clause ya alterations.

MayiLaimu: Musagumule simenti yonse nthawi imodzi, chonde. Cob yonyowa ilibe mphamvu, mwina simentiyo ndi imene yagwira khomalo. Chirikizani kaye mitanda ndi ma acrow (mizati yachitsulo), injiniya wodziwa za cob aone. Kenako tsegulani pafupifupi sikweya mita imodzi, ndi nyundo ndi chizulo, osati breaker. Pasiyeni paume musanapite pena. Mabowo akulu tsekani ndi cob blocks ndi matope, osati njerwa. Pulasitala wake lime putty ndi mchenga 1:3, muikemo ubweya, pomaliza limewash. NHL 5 (mtundu wina wa laimu) ayi, njolimba mopitirira khomalo. Kukazizira pansi pa 5°C laimu musamukhudze.

AnkoloQS: Zonsezo n'zabwino, koma freeholder akakana mwagumula zayani?

Saveya_Exeter: Komanso listing imakhudza nyumba yonse, mkati momwe, ndi zomangidwa m'bwalo lake 1 July 1948 isanafike. Kugwira ntchito yosintha maonekedwe opanda consent ndi mlandu pansi pa lamulo la 1990 la nyumba zotetezedwa, ndipo umagwera inu ogwira nyundo, osati kasitomala yekha.

Wofolera77: Mukakwera kudenga onani udzu wapansi penipeni. Ukakhala wakuda ndi mwaye, ndiye kuti nyumbayo inali ndi moto pakati chimney isanabwere. Umenewo saufwasula, amangoonjezera pamwamba. Ndipo akakuuzani muike water reed (bango) pamene panali combed wheat reed (mapesi a tirigu), imeneyonso ikufuna consent.

MayiLaimu: Onaninso ngati dothi lakunja silinakwirire plinth. Madzi ambiri amalowera pamenepo. Wina akabwera ndi DPC yobaya (mankhwala otchinga chinyezi m'khoma), m'bwezeni, mu cob sigwira.

Mmisiri_Crediton: Plinth yakwiririka ndithu, pali konkire mpaka pakhoma. Ndiichotse kaye?

AnkoloQS: Konkireyo ili mkati mwa demise (malo olembedwa pa lease) kapena njamwini nthaka? Lease ija mwaitenga?